Galimoto yaliwiro yakale ikamakana kulira itatentha, iyezeni isanazizire

Vutoli limabwera mofanana pafupifupi nthawi zonse. M'mawa galimoto imalira mukangopotokola kiyi, ndipo mumayenda nayo mtunda wautali popanda chodandaula. Kenako mwaima penapake, mwazimitsa injini kwa mphindi 10 kapena 15, pobwerera yakana. Sitata ikuzungulira, injini ikupukusika, koma yosagwira moto. Mukaisiya theka la ola kapena ola lathunthu, imalira ngati sipanachitike kanthu. Mukapita nayo kugalaja, pofika nthawi yoti makaniko aiyang'ane imakhala itazizira kale, ndipo amaipeza ili bwinobwino.

Mwini Porsche 944, Boxster 986, Nissan 300ZX kapena Mazda MX-5 akafotokoza zimenezi, ambiri amamuuza kuti asinthe sensa ya crankshaft, kachipangizo kouza kompyuta kuti shafti yaikulu ya injini ikuzungulira. Nthawi zina amakhala akunena zoona, chifukwa sensa imeneyi imafadi ndi kutentha. Koma sitata yotopa, relay (kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi) yong'aluka mkati, mafuta othawa m'mapaipi komanso sensa ya kutentha kwa madzi, zonsezi zimaonetsa chizindikiro chomwechi. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu akugula sensa, kenako koyilo, kenako pampu, galimoto n'kumakanabe, chikhalirecho mita ndi geji zikanamuuza zoona pa mphindi zochepa. Muyenera kuyeza pa nthawi imene galimoto ikukanayo. Nthawiyo ndi yochepa, ndiye ntchito yaikulu ili pa kukonzekera.

Mvetsani kaye chifukwa chake imakana itaima osati ikuyenda. Injini ikamalira, madzi amazungulira, fani imakupiza, mphepo imadutsa pansi pa boneti, mafuta ozizira ochokera m'thanki amatsuka mapaipi. Mukazimitsa, zonsezi zimaima nthawi imodzi, koma chitsulo cha injini ndi ekizozi zimakhala zikadali zamoto. Kutenthako kumalowerera mu chilichonse chimene chili pafupi: masensa, mawaya, sitata, mapaipi a mafuta. Pa mphindi 10 mpaka 20 mutazimitsa, zida zina zimatentha kuposa mmene zinalili pamsewu. M'magalimoto aliwiro zimanyanya chifukwa injini imapanikizidwa m'malo ochepa, ndipo pa Boxster injiniyo ili pakati pa galimoto, yotsekeredwa mbali zonse.

Dziwani chimene galimoto yanu ili nacho

Musanagwire sipanala, tsegulani buku la galimoto yanu, makamaka tsamba lojambula mawaya. Si galimoto yakale iliyonse imene ili ndi sensa ya crankshaft. Porsche 911 SC ya 1978 mpaka 1983 imagwiritsa ntchito K-Jetronic ya Bosch, yomwe imagawa mafuta popanda kompyuta yowerenga mano a flywheel (gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini), ndipo nthawi ya moto imachokera ku distributor. Pa galimoto yotere kufunafuna sensa ya crankshaft n'kutaya nthawi. MX-5 yoyambirira ya 1989 ndi 300ZX ya mtundu wa Z32 zimawerenga kazunguliridwe ka injini kuchokera ku camshaft (shafti yotsegula mavalavu), ndipo sensa ya Nissan imagwira ntchito ndi kuwala kodutsa m'timipata ta kambale kozungulira. Porsche 944 ya mavalavu 8 ndi 911 Carrera 3.2 ya 1984 mpaka 1989 zili ndi masensa awiri pa flywheel: imodzi imawerenga liwiro pa mano, inayo imadikira kachitsulo kosonyeza pamene pisitoni yafika. Magalimoto ambiri a kompyuta ya Bosch Motronic a pambuyo pake ali ndi sensa imodzi yoyang'ana gudumu la mano 58, pamene malo a mano 2 anasiyidwa dala opanda kanthu kuti kompyuta izidziwa poyambira kuwerenga.

Kaya ili pa crankshaft kaya pa camshaft, ntchito yake ndi yomweyo. Imauza kompyuta kuti injini ikuzungulira, pa liwiro lanji, ndipo yafika pati. Uthengawu ukasowa, kompyuta imangoona ngati injini yaima. Situmiza moto ku mapulagi, sitsegula ma injector (opopera petulo mu injini), ndipo m'magalimoto ambiri siyatsanso pampu ya mafuta.

Dziwaninso mtundu wa sensayo. Mtundu wakale, wa inductive, ndi maginito wokulungidwa ndi waya wa kopa woonda kwambiri, ndipo umapanga wokha magetsi mano akamadutsa kutsogolo kwake. Uli ndi mawaya awiri, nthawi zina atatu, wachitatuyo kukhala chishango chotchinga magetsi osokoneza ochokera ku sitata ndi ku mawaya a mapulagi. Mtundu wa Hall uli ndi kachipangizo mkati kofuna kupatsidwa 5 V kapena 12 V, ndipo mawaya ake atatu ndi wa moto, wa earth ndi wa uthenga. Ndiye kungowerenga mawaya sikungakuuzeni mtundu, buku ndilo linene. Mayezedwe ake ndi osiyana, ndipo kuyeza ma ohm pa sensa ya Hall sikukuthandizani, mwinanso kungaiwononge.

Yambani injini ili yozizira

Sonkhanitsani zida: mita ya magetsi, choyesera moto wa pulagi, kanyali koyesera ma injector kotchedwa noid light, geji ya pulesha ya mafuta, sipuleyi yoziziritsira zipangizo zamagetsi, magolovesi ochindikala, chozimira moto, kope ndi cholembera. Pezaninso mnzanu woti azipotokola kiyi inu mukuyang'ana mita.

Pezani konekita ya sensa ndipo yeserani kuizula ndi kuibwezera mpaka dzanja lizolowere njira. Zingaoneke ngati zachabe, koma injini ikatentha mudzakhala mukupisa dzanja pafupi ndi ekizozi yamoto, ndipo si nthawi yoyamba kufufuza kuti kachingwe kotsekera konekita kamamasukira mbali iti. Pa 944 makonekita awiri a masensa aja ndi ofanana ndendende ndipo ali moyandikana kumbuyo kwa injini. Ikani chizindikiro pa iliyonse musanazule, chifukwa mukawasinthanitsa galimoto silira n'komwe, ndipo mudzakhala mwawonjezera vuto pa vuto.

Tsopano lembani manambala a galimoto ili bwino. Ngati sensa ndi ya inductive, yezani ma ohm pakati pa mawaya ake awiri a uthenga. Masensa ambiri otere amapezeka pakati pa 500 ndi 1,500, ndipo a 944 amaloledwa kuyambira 600 mpaka 1,600, koma nambala ya m'buku lanu ndiyo yoyenera kutsata. Sinthani mita ifike pa AC, mnzanu apukuse injini, mulembe ma volt amene sensa ikutulutsa. Yezani batire: lodzaza bwino limasonyeza pafupifupi 12.6 V, ndipo popukusa lisatsike pansi pa 10 V kapena 9.6 V. Yang'anani kamuvi ka geji ya rev pamene sitata ikuzungulira. Pa 944 ndi pa Boxster kamanjenjemera pang'ono kuchoka pa 0, koma pa magalimoto ena sikasuntha ngakhale zonse zili bwino. Mvetseraninso pampu. Magalimoto ambiri amaiyatsa masekondi awiri kapena atatu mukangotsegula kiyi, pamene 944 siiyatsa mpaka kompyuta itaona kuti injini yayamba kuzungulira. Munthu wosadziwa zimenezi amatha kutaya pampu yabwinobwino chifukwa sanaimve ikulira.

Ngati n'kotheka, mangirirani geji ya pulesha ndi choyesera moto musananyamuke, kapena muziike pafupi zokonzeka.

Liputeni dala vutolo

Yendani ndi galimoto mpaka itenthe mokwanira, mphindi 30 kapena kuposa, ndipo mukamalizire pamalo pamene pali zida zanu. Imikani panja, osati m'chipinda chotseka, chifukwa utsi wa ekizozi umapha. Giya ikhale pa neutral, handibuleki yokoka. Zimitsani injini, boneti muisiye yotseka kuti kutentha kusathawe, dikirani nthawi yomwe imakonda kukanira. Ikalira, iyendetseninso pang'ono, muzimitse, mudikire nthawi yotalikirapo kapena yocheperapo. Ikakana, tsegulani boneti muyambe msanga. Samalani ndi fani ya magetsi, chifukwa pa magalimoto ambiri imayamba yokha ngakhale kiyi yazulidwa. Musapukuse sitata kupitirira masekondi 10 mpaka 15 pa ulendo umodzi, ndipo muziipumitsa.

Choyamba gwiritsani ntchito makutu. Kodi sitata ikuzungulira ndi liwiro lomwe lija la m'mawa, kapena ikukoka molemera? Ngati ikungogogoda kamodzi n'kukhala chete, kapena ikupukusa mwaulesi, siyani za sensa muyambe ndi mbali ya sitata. Kopa akatentha amalola magetsi movutikira, ndipo sitata yakale imene yagona pafupi ndi ekizozi imafooka. Ikani waya umodzi wa mita pa mutu wa + wa batire, wina pa bauti yaikulu ya sitata, mnzanu apukuse. Mita isasonyeze kupitirira 0.5 V. Chitaninso chimodzimodzi kuchokera pa mutu wa − wa batire kufika pa chitsulo cha injini, ndipo apa isapitirire 0.3 V. Ikapitirira, pali waya wodyeka kapena mfundo yadzimbiri, kawirikawiri waya wa earth wolumikiza injini ndi thupi la galimoto. Pa magalimoto amene batire lili kutali ndi injini, waya ndi wautali ndipo malo otayikira magetsi ndi ambiri.

Gawo limeneli musalidumphe. Sensa ya inductive imatulutsa magetsi molingana ndi liwiro la mano. Injini ikamapukusika pang'onopang'ono, uthenga umachepa mpaka kompyuta kulephera kuumva, pomwe sensayo ilibe vuto lililonse. Anthu ambiri asintha sensa chonsecho wolakwa ndi sitata.

Ngati sitata ikuzungulira bwino, yang'anani kamuvi ka rev. M'mawa kamanjenjemera koma tsopano kagona pa 0? Ndiye uthenga wa kuzungulira sukufika, kapena kompyuta yeniyeniyo ilibe moto. Galimoto yokhala ndi OBD-II (njira yowerengera zimene kompyuta ya galimoto ikuona), yomwe inakhala lamulo ku America kuyambira 1996 ndi ku Ulaya pa magalimoto a petulo kuyambira 2001, imakupatsani njira yachidule: lumikizani makina owerengera, muone nambala ya rpm pamene mnzanu akupukusa. Iyenera kusonyeza pakati pa 150 ndi 250. Ikakhala pa 0, mwayandikira. Makodi (manambala a zolakwika amene kompyuta imasunga) P0335 ndi P0336 amaloza ku sensa ya crankshaft, P0340 ku ya camshaft, ndipo pa Z32 khodi 11 ndi ya sensa yake ija. Koma kusowa kwa khodi sikutanthauza kuti sensa ili bwino. Ikafa injini itaima kale, makompyuta ambiri akale alibe podziwira kuti sitata ikupukusa pachabe, ndiye salemba kanthu.

Kenako yesani zinthu ziwiri motsatizana: moto wa pulagi ndi uthenga wa injector. Lumikizani choyesera moto pa waya wa pulagi kapena pa koyilo, mbali ina igwire chitsulo cha injini. Musagwire wayayo ndi dzanja, ndipo musamusiye akulendewera popanda kopita moto, chifukwa zimenezi zimawotcha koyilo kapena chipangizo choiyendetsa. Zulani konekita ya injector imodzi, mulowetse kanyali kaja, muone ngati kakuphethira.

Zotsatira zake ndi zimene zikulozereni njira. Ngati palibe moto komanso kanyali sikakuphethira, wokayikitsa ndi sensa, mawaya ake, kapena relay yopereka moto ku kompyuta. Ngati kanyali kakuphethira koma moto palibe, kompyuta ikumva kuzungulira kwa injini, ndiye yang'anani koyilo ndi chipangizo choiyendetsa. Pa Z32 chipangizo chimenechi, chotchedwa PTU, n'chodziwika ndi kufa chikatentha. Ngati moto ulipo koma kanyali n'kozima, onani moto wopita ku ma injector, alamu kapena immobiliser. Ngati zonse ziwiri zilipo, sensa ikugwira ntchito, pitani ku mafuta.

Pamene palibe moto ndiponso kanyali n'kozima

Musanakhudze sensa, tsimikizani kuti kompyuta ili ndi moto. Pa 944 ndi 911 Carrera 3.2 relay ya DME (dzina la kompyuta ya injini) imapereka moto ku kompyuta komanso ku pampu, ndipo mkati mwake malo owotcherera amang'aluka ndi ukalamba. Ikatentha mng'aluwo umatseguka, ikazizira umagwirana. Njira yachangu ndi kuisintha ndi relay ina yodziwika kuti ili bwino. Pa 944 muthanso kuizula n'kulumikiza mabowo 30, 87 ndi 87b ndi kawaya ka nthambi zitatu. Galimoto ikalira, mwapeza wolakwa. Kawayako n'kongoyesera basi, musayende nako, chifukwa pampu imapopa osaleka ngakhale injini itazima, zomwe ndi zoopsa kwambiri pa ngozi. Magalimoto ena ali ndi relay ya ntchito yomweyi pansi pa dzina lina, ndipo buku likusonyezani pamene ili.

Relay ikakhala bwino, zulani konekita ya sensa ya inductive muyeze ma ohm nthawi yomweyo. Apa manambala a m'mawa aja ndi pamene akugwira ntchito. Kukwera pang'ono si vuto: kopa amawonjezera pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse, ndiye sensa imene inasonyeza 800 pa 20°C ikhoza kusonyeza cha m'ma 1,050 pa 100°C, ndipo ili bwino. Yakufa imaonekeratu. Mita imasonyeza OL (kutanthauza kuti magetsi sakudutsa) waya akaduka, kapena nambala imadumphadumpha osakhazikika, kapena yatsika kwambiri kusonyeza kuti mawaya a mkati agundana. Chimachitika n'chakuti kawaya koonda kaja kakhala kakufutukuka ndi kufinyika kwa zaka makumi awiri kapena atatu mpaka kuthyoka penapake. Nsonga zake zimagundana kukazizira, n'kusiyana kukatentha. Yezaninso pakati pa waya uliwonse ndi chitsulo cha injini kapena chishango. Pamenepo pasakhale kulumikizana kulikonse.

Ma ohm akakhala bwino, yezani ma volt a AC popukusa ndi kufananitsa ndi a m'mawa. Mita wamba siona mawonekedwe a uthengawo, imangopereka nambala yapakatikati, choncho kufananitsa ndi nambala yanu yomwe n'kodalirika kuposa nambala ya galimoto ina. Ngati liwiro la sitata ndi lomwelo koma ma volt atsika ndi theka kapena asoweratu, sensa kapena mpata wake uli ndi vuto. Amene ali ndi oscilloscope, makina ojambula uthenga wa magetsi, amaona zambiri: dzino lililonse, mpata wa mano awiri aja, ndi magetsi osokoneza ngati chishango chaduka.

Sensa ya Hall imayezedwa konekita ili yolumikiza, kiyi yotsegula, polowetsa timapini toonda kumbuyo kwa konekita. Waya wa moto usonyeze 5 V kapena 12 V malinga ndi buku, wa earth ukhale pafupi ndi 0. Wa uthenga uzisinthasintha pakati pa nambala yokwera ndi yotsika injini ikamazungulira. Kuti muone bwino, zulani fyuzi ya pampu ndi konekita ya koyilo, muzungulitse injini pang'onopang'ono ndi sipanala pa bauti ya pulley. Moto ndi earth zikakhalapo koma uthenga waima pamodzi, sensa yafa. Moto ukasowa, vuto lili kumbuyo, ku mawaya kapena ku kompyuta.

Pali kuyesa kumodzi kumene ndimakukhulupirira kuposa kwina konse, chifukwa kumasonyeza vuto likuchoka inu mukuona. Galimoto ikadali yokana, poperani sipuleyi yoziziritsa pa sensa yokhayo kwa masekondi angapo, osakhudza china chilichonse, kenako yesani kuliza. Ikalira pomwepo, pamene masiku onse imafuna theka la ola, umboni wakwana. Ikapanda kulira, ziziritsani china chimodzi, monga relay kapena chipangizo cha koyilo, muyesenso. Chimodzi pa nthawi imodzi. Mukapopera paliponse galimoto n'kulira, simudziwa chimene chachiritsa. Musathire madzi ozizira pa ekizozi yamoto kapena pa mutu wa injini.

Muthanso kuchita mosemphanitsa, sensa itachotsedwa. Ikani mita pa ma ohm, mutenthetse sensayo ndi chowumitsira tsitsi, kapena muviike mutu wake m'madzi otentha konekita ili kunja. Musafulumire ndi moto waukulu, mungasungunule pulasitiki yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kutentha kumatenga mphindi zingapo kuti kufike pa kawaya ka mkati. Mudzaona nambala ikukwera pang'onopang'ono, 820, 870, 930, kenako mwadzidzidzi OL. Mukaisiya kuti izizire, nambala imabwerera yokha. Ndi zomwezo zimene zimachitika pansi pa boneti.

Sensa ikapambana mayeso onsewa, tsatirani waya wake ndi zala kuchokera ku sensa mpaka ku konekita. Pa galimoto ya zaka 30 khungu la waya limauma n'kumanyenyeka, makamaka pamene wapindika kapena wadutsa pafupi ndi ekizozi. Suzumirani m'konekita ndi tochi. Timapini tobiriwira ndi dzimbiri, totakasuka, kapena tonyowa ndi oyilo timagwira kukazizira n'kutaya kukatentha. Pa Z32 dzimbiri la m'makonekita ndi matenda akale, ndipo pa MX-5 kamphira kozungulira ka pa sensa ya camshaft kakauma kamatulutsa oyilo. Gwedezani waya mita ili yolumikiza, muone ngati nambala ikusintha. Pomaliza yezani ma ohm omwe aja kuchokera pa konekita yaikulu ya kompyuta, kiyi yotseka. Akasiyana kwambiri ndi a pa sensa, vuto lili m'mawaya a pakati.

Moto ulipo, kanyali kakuphethira, koma yakanabe

Apa nkhani ndi ya mafuta, ndipo imapita mbali ziwiri: achepa kapena achuluka. Petulo ali ndi zigawo zina zimene zimawira pa kutentha kochepa. Chimene chimamuletsa kuwira m'mapaipi a pamwamba pa injini yamoto ndi pulesha yotsalira mutazimitsa. Pulesha ikathawa, mafuta amasanduka nthunzi, ndipo ma injector amapopera mpweya m'malo mwa petulo. Ndi geji yolumikiza, injini ikalola kulira ilizeni, zimitsani, muyang'ane kamuvi. Magalimoto ambiri a injection ya kompyuta amayenda pa 2.5 mpaka 4 bar, ndipo mutazimitsa pulesha iyenera kutsika pang'onopang'ono, yambiri n'kukhalapobe pakatha mphindi 10 kapena 20. Ikagwa kufika pa 0 m'mphindi imodzi kapena ziwiri, pali potulukira. Malo ake ndi atatu: valavu ya pa pampu yoletsa mafuta kubwerera, regulator (chowongolera pulesha), kapena injector yodontha. Zulani kapaipi ka vacuum pa regulator. Mukapeza petulo mkati mwake, regulator yabooka. Pa K-Jetronic palinso accumulator, kachitini kokhala ndi sipuling'i kosunga pulesha, ndipo iko pamodzi ndi valavu ya pampu ndizo zoyamba kukayikira 911 SC ikamavuta itatentha.

Khalidwe la galimoto limakuuzaninso zambiri. Ngati kutsegula ndi kutseka kiyi kangapo musanapukuse kumathandiza, pa galimoto imene pampu imayaka ndi kiyi, ndiye pulesha inathawa. Ngati imalira pokhapokha mutaponda accelerator mpaka pansi, n'kutulutsa utsi wakuda ndi fungo la petulo, mafuta achuluka. Masulani pulagi imodzi kapena ziwiri. Yonyowa ikusonyeza injector yodontha kapena kompyuta imene ikuthira mafuta a injini yozizira.

Chachiwirichi chimachokera ku sensa ya kutentha. Ya Bosch yofala kwambiri imasonyeza ma ohm pafupifupi 2,500 pa 20°C ndi pafupifupi 300 pa 80°C. Ikasonyeza masauzande injini ili yamoto, kapena konekita yake ikachita dzimbiri n'kuwonjezera ma ohm, kompyuta imaganiza kuti ndi m'mawa wozizira ndipo imamiza mapulagi. Geji ya pa dashibodi isakunamizeni, chifukwa pa magalimoto ambiri akale ili ndi sensa yakeyake. Pa 911 Carrera 3.2, yoziziritsidwa ndi mphepo, ntchitoyi imagwiridwa ndi sensa ya pa mutu wa silinda. Galimoto ya kabureta nayo imavuta chimodzimodzi mafuta akawira m'mbale yake n'kusefukira m'kati, ndipo mankhwala ake ndi chotchinga kutentha pansi pa kabureta komanso kuona mulingo wa float (choyandama cha m'mbalemo).

Pogwira mapaipi a mafuta injini ili yamoto, chozimira moto chikhale pafupi ndi dzanja. Kumasula paipi kulikonse kudikire injini izizire.

Kuika sensa yatsopano

Umboni ukaloza ku sensa, gulani ya kampani imene inapanga yoyambayo kapena ina yodalirika. Zotchipa zosadziwika kochokera nthawi zambiri zimatulutsa uthenga wofooka, ndipo zimakubwezerani vuto lomwelo pa liwiro lochepa la sitata. Ngati galimoto ili ndi masensa awiri a msinkhu umodzi, ine ndingasinthe onse, chifukwa apsa limodzi zaka zonsezi ndipo ntchito yofikira pamalopo ndi yomweyo.

Chotsani waya wa − wa batire. Tsekani ndi kansalu bowo lililonse la pa bell housing (chikuto cha flywheel) lomwe lili pafupi, chifukwa bauti ikagweramo mungafunike kutsitsa giyabokosi kuti muichotse. Sensa yakale imakonda kumatirira m'bowo lake ndi dzimbiri. Thirani mafuta omasulira, dikirani, muipotokole uku ndi uku mofatsa. Mukaikanula ndi mphamvu imathyoka, theka n'kutsalira mkati. Ikatuluka, yang'anani nsonga yake. Tizitsulo tambiri tomata pa maginito timafooketsa uthenga, ndipo nsonga yokalika ikusonyeza kuti imagunda mano. Unikani m'bowo, muzungulitse injini ndi dzanja, muone ngati pali dzino lothyoka kapena lopindika.

Palani dzimbiri m'bowo ndi pamalo pokhalira sensa kuti ikhale pansi bwinobwino, chifukwa dzimbiri lochepa chabe limaikweza n'kukulitsa mpata. Pa magalimoto ambiri mpatawo ndi wokhazikika. Pa 944 umasinthidwa ndi chitsulo chogwirira masensa, ndipo uyenera kukhala 0.8 mm pakati pa sensa ya liwiro ndi mano. Ngati simunamasule chogwiriracho, musachikhudze. Ngati munamasula, matani washala wa 0.8 mm pansonga ya sensa yakale, muilowetse, mutsitse chogwiriracho mpaka washala agunde mano, mumange, kenako muchotse yakaleyo n'kuika yatsopano. Bauti yogwira sensa ndi yaing'ono, imafuna 8 mpaka 10 Nm basi. Wayayo adutse njira yomwe anadutsa woyamba, m'timagwiriro take tonse, kutali ndi ekizozi ndi mawaya a mapulagi, ndipo chotchinga kutentha chilichonse chimene munachotsa chibwerere pamalo pake.

Yezani ma ohm ndi ma volt a sensa yatsopanoyo ili yozizira, mulembe m'kope lija. Kenako bwerezani ulendo womwe uja: mphindi 30 pamsewu, kuzimitsa, boneti yotseka, kudikira mphindi zomwe inkakanira, kuliza. Chitani zimenezi pa masiku angapo osiyana, limodzi likhale lotentha kwambiri, chifukwa vuto lobwera mwa apo ndi apo limatha kubisala tsiku limodzi popanda kukonzedwa. Ikakananso, yambirani pa sitata ndi kamuvi ka rev. Galimoto ya zaka zimenezi imatha kukhala ndi zolakwika ziwiri nthawi imodzi, monga sensa yofooka ndi pulesha yothawa, ndipo chachiwiricho chimaonekera choyambacho chikachoka.